Malembo a pa Mkuwa: Kuwerenga Mabaji ndi Mamendulo a Asilikali m'Boma la Chiradzulu

M'midzi ya kwa Mpama, kwa Likoswe, kwa Kadewere ndi kwa Nkalo, monganso m'maboma ena a kum'mwera, muli nyumba zimene zisunga kachitini ka dzimbiri kapena kansanza komanga mfundo, ndipo m'katimo muli tizitsulo ta munthu amene anatsikira kulichete kalekale. Tina ndi mabatani a malaya, tina ndi mabaji a pachisoti, tina ndi mamendulo amene nsalu zake zinadyedwa ndi njenjete. Adzukulu akafunsidwa za tizitsulo timeneti yankho lawo kawirikawiri likhala limodzi, lakuti agogo anali msilikali ndipo anamenya nkhondo ya Hitler. Nkhondo zonse za zaka pafupifupi 70 zaunjikidwa pa dzina limodzi, chikhalirecho mwina mwini mendulo anamwalira dzina la Hitler lisanamveke n'komwe.

Mphunzitsi wa sukulu ya pulaimale ndiye munthu amene ana amam'bweretsera zinthu zotere pa tsiku la phunziro la mbiri yakale, ndipo maso onse a m'kalasi amayang'ana iye kuti anene chimene chili. Tsono kuyenera kuti aziona tizitsulo timeneti monga malembo. Pakuti baji ndi mendulo zili ndi wozilemba, zili ndi chinenero, zili ndi chimene zifuna kuti wowerenga akhulupirire, ndiponso zili ndi chimene zibisa. Wozilemba anali Boma la Angerezi, chinenero chake Chingerezi, ndipo wolembedwayo sanafunsidwe maganizo. Malembo otere ayenera kuwerengedwa molondola poyamba, kenaka aweruzidwe monga aweruzidwira buku lina lililonse.

Chosavuta kuzindikira ndi baji la King's African Rifles, gulu limene anthu ankangolitchula kuti K.A.R. Linakhazikitsidwa pa 1 Januwale 1902, pamene magulu a nkhondo a maiko a Angerezi a pakati ndi kuvuma kwa Africa anaphatikizidwa pansi pa dzina limodzi. Chizindikiro chake ndi lipenga lopindika, lolenjekeka ndi zingwe, ndi chisoti chachifumu pamwamba pake. Lipengalo silichokera ku minyanga ya alenje a kuno, monga ena aganizira. Ndi chizindikiro chakale cha asilikali a ku Ulaya oyenda mopepuka, amene ankamwazikana m'thengo kotero kuti mawu a mkulu wawo sakadawafika koma kulira kwa lipenga. Chisoti chachifumucho ndicho chiuza zaka. Chikakhala chobulungira pamwamba ngati mphika wovundikira, bajilo ndi la nthawi ya mafumu aamuna, kuyambira 1902 kufikira cha m'ma 1953. Chikakhala cholowa pakati, mapewa ake awiri atatukuka, ndi cha Mfumukazi Elizabeth II, ndipo mwini wake sangakhale atavala baji limenelo pa nkhondo ya Hitler, imene inatha mu 1945.

Nambala nayonso ilankhula. Gulu loyamba ndi lachiwiri, 1 K.A.R. ndi 2 K.A.R., anali a ku Nyasaland, ochokera ku gulu lakale la Central Africa Regiment. Lachitatu linali la ku Kenya, lachinayi la ku Uganda. Magulu awiri otsirizawa ankalemba manambala awo m'zilembo za Chiarabu, chifukwa asilikali awo oyamba ambiri anali Asudani, ndipo mwana akabweretsa baji lokhala ndi kachilembo kokhotakhota kosadziwika, mphunzitsi adziwe kuti linachokera kumpoto kumeneko, kaya mwa mphatso, kaya mwa kusinthana pakati pa abwenzi a kunkhondo. Pa chithunzi chakale asilikali a ku Nyasaland adziwikanso ndi chisoti chachitali chakuda, pamene anzawo a maiko ena ankavala chofiira. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 magulu anachuluka kufikira 22, ndipo manambala anayamba kulembedwa awiriawiri, monga 2/1 kapena 3/2. Nambala yotsiriza ndiyo iuza dziko, kotero kuti 3/2 ndi a ku Nyasaland ndithu, si a ku Kenya ayi.

Si kachitsulo kalikonse ka m'chitini kali ka msilikali wa K.A.R. Kambuku woimirira pa thanthwe, dzuwa likutuluka kumbuyo kwake, ndi chidindo cha Boma la Nyasaland chimene chinaperekedwa mu 1914, ndipo chisonyeza ntchito ya Boma, osati nkhondo. Mendulo yooneka ngati dzira, yovala m'khosi, ikhoza kukhala ija Mfumu ya ku Mangalande inayamba kupereka kwa mafumu a m'midzi mu 1920. Chishango cha Amandebele chokhala ndi mikondo yopingasana ndi chibonga ndi cha Rhodesian African Rifles, ndipo chinabwera ndi munthu amene anapita ku Halale kukafuna ntchito nakalowa usilikali komweko. Ngakhale chiwombankhanga cha Ajeremani chisadabwitse munthu, popeza gulu la 2 K.A.R. litathetsedwa mu 1911 pofuna kuchepetsa ndalama, ena mwa asilikali ake anawoloka malire nakalembedwa ntchito ndi Ajeremani, ndipo zaka zitatu zitapita anapezeka akuwomberana ndi anzawo akale.

Baji liuza gulu lokha. Mendulo ndiyo iuza nkhondo, ndipo pa mendulo ndi pamene luso la wolemba lioneka bwino, pamodzi ndi chinyengo chake. Yakale koposa zonse ndi Central Africa Medal, ya nkhondo za pakati pa 1891 ndi 1898, pamene Boma la Harry Johnston ndi omutsatira linagonjetsa Makanjira, Kawinga, Jalasi, Mlozi, Gomani ndi Mpezeni. Nsalu yake ili ndi mizere itatu yofanana kukula, wakuda, woyera ndi wofiirira, kuimira anthu akuda, Azungu, ndi Amwenye a Chisikhi amene Johnston anawaitanitsa ku India. Monga chojambula, nsalu imeneyi ndi yokoma: mitundu itatu yaima pamodzi, palibe wopambana mnzake. Koma m'gulu lenilenilo mizere sinali yofanana konse. Mzungu ankalamula, Mmwenye ankaphunzitsa perete, wakuda ankamvera. Ndipo kufikira zaka zotsiriza za ulamuliro wa atsamunda, munthu wakuda wa m'magulu a ku Nyasaland, angakhale wolimba mtima chotani, ankathera pa usajeni-meja. Nsaluyo inena zoona za amene analipo, koma inama za m'mene anakhalira.

Mamendulo a nkhondo ya 1914 ndiwo apezeka kawirikawiri, ndipo ndiwo athandiza koposa. Alipo atatu. Pali nyenyezi ya mkuwa ya nsonga zinayi yokhala ndi malupanga opingasana, ya amene analowa m'nkhondo chaka cha 1915 chisanathe, monga aja anamenyana ndi Ajeremani ku Karonga pa 9 Seputembala 1914. Pali ya siliva, ya mutu wa Mfumu George V, kuseri kwake kuli munthu wokwera pa kavalo. Ndipo pali ya mkuwa, ya mkazi wamapiko, nsalu yake ngati utawaleza. Ubwino wa onsewa ndi wakuti ali ndi dzina. Pa nyenyezi dzina lili kuseri. Pa enawo lili m'mphepete mwenimweni, pamene munthu wosadziwa sayang'ana n'komwe. Woyang'anitsitsa adzapeza nambala ya msilikali, udindo wake mwachidule, dzina lake, ndi gulu lake. PTE ndi msilikali wamba, CPL ndi kopolo, SJT ndi sajeni. Dzinalo aliwerenge mochenjera, chifukwa linalembedwa ndi kalaliki monga analimvera m'khutu, ndipo anthu ena ankasintha dzina ndi mtundu polembedwa, podziwa kuti Azungu ankakonda Ayao powayesa mtundu wa nkhondo. Mlomwe wongofika kumene kuchokera kwa Apwitikizi akadatha kutuluka mu ofesi ya ku Zomba ali Myao wa dzina lachilendo, limene adzukulu ake lero salidziwa.

Kuseri kwa mendulo ya utawaleza ija kuli mawu amene wophunzira zinenero sayenera kuwapitirira: "The Great War for Civilisation 1914–1919". Mphunzitsi akayesa kuwamasulira m'Chichewa adzakakamira pa liwu lotsirizalo. Akati nkhondo yaikulu yomenyera chitukuko, ana adzaganiza za misewu ndi milatho, ndipo adzafunsa msewu umene unabwera nayo nkhondoyo. Akati yomenyera umunthu, kumasulirako kukhala kwabwino koposa, komatu pamenepo mendulo idziweruza yokha. Dziko la Nyasaland linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Amtengatengawo ankagwidwa m'midzi, ena usiku, nasenza katundu wa nkhondo pamutu kudutsa m'dziko la Ajeremani ndi la Apwitikizi, akudya chakudya chosakwanira, akufa ndi kamwazi ndi chibayo m'mbali mwa njira. Ambiri a iwo sanalandire kanthu kovala pachifuwa. Mu 2021 bungwe losamala manda a ankhondo, la Commonwealth War Graves Commission, linavomera poyera kuti anthu osachepera 116,000, ambiri a iwo a ku Africa, sanakumbukiridwe ndi maina awo monga anachitira ndi Azungu. Anthu a kuno sanaitche nkhondoyo dzina la pa mendulo. Anaitcha nkhondo ya Chiwaya, potengera mfuti ija ilira ngati chimanga chokazinga, ndipo dzina lawoli ndi loona kuposa la Mfumu, chifukwa linena chimene munthu anamva ndi makutu ake.

Za nkhondo ya 1939 mpaka 1945 zifupika, chifukwa mamendulo ake anaperekedwa opanda maina. Nyenyezi ya Africa, ya nsalu ya mtundu wa mchenga ndi mzere wofiira pakati, isonyeza nkhondo ya ku Somaliland ndi Abyssinia yolimbana ndi Ataliyana. Nyenyezi ya Burma, yofiira pakati, m'mbali muli mizere yobiriwira modera ngati thambo la madzulo ndi ya mtundu wa lalanje, isonyeza nkhondo yolimbana ndi Ajapani, kumene asilikali a ku Nyasaland anatsika chigwa cha Kabaw m'mvula ya 1944, atasokerera mutu wa chipembere pa mkono wa malaya. Zioneka tsono kuti agogo amene "anamenya Hitler" kawirikawiri sanaone msilikali wa Hitler ndi mmodzi yemwe. Ndipo popeza palibe dzina, nyenyezi yokha siitha kutsimikiza mwini wake. Pafunika kabuku kake kotulukira usilikali kapena mboni. Nkhondo itatha, msilikali wamba wachizungu wa m'magulu a kuvuma kwa Africa analandira mashiling'i 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, wakuda mashiling'i 3 ndi theka, ngakhale nyenyezi ya pachifuwa pawo inali imodzimodzi. Ya nsalu yofiirira ngati biringanya ndi mzere wobiriwira pakati, yolembedwa "Malaya", ndi ya zaka za pakati pa 1952 ndi 1954, ndipo imeneyo ili ndi dzina m'mphepete.

Mendulo imene ili ndi kanthu ndi Chiradzulu mwini ndi ina. Dzina lake ndi Africa General Service Medal, inayamba mu 1902, nsalu yake yachikasu, m'mbali mwakuda, ndi timizere tiwiri tobiriwira. Kuseri kwake kuli mkazi woimira dziko la Britain, mkango uli pambali pake, ndi liwu limodzi lakuti "Africa". Mendulo imeneyi siinena nkhondo pa thupi pake. Nkhondo ilembedwa pa kachitsulo kopingasa kamene kamangidwa pa nsalu, ndipo munthu mmodzi akhoza kukhala ndi tizitsulo tingapo. Kena kati "Gambia". Kena kati "Somaliland 1902-04", kukumbutsa nkhondo imene asilikali a 2 K.A.R. oposa 100 anathera pa phiri la Gumburu pa 17 Epulo 1903, ndi imene Alexander Cobbe, mwini dzina la kampu ya asilikali ya ku Zomba, analandirira Victoria Cross mu 1902. Ndipo pakati pa maina a maiko akutali amenewa pali kachitsulo kena kolembedwa "Nyasaland 1915".

Wowerenga wa m'boma lino safunika kuuzidwa chimene chinachitika chaka chimenecho, koma ndondomeko yake iyenera kukhala pafupi ndi mendulo. M'mwezi wa Novembala 1914, mbiri ya ku Karonga itafika, Mbusa John Chilembwe wa mpingo wa Providence Industrial Mission ku Mbombwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti anthu osauka, amene pa mtendere sayesedwa kanthu, akutengedwa kukafera nkhondo imene siili yawo, nasiya akazi amasiye. Boma linaletsa kalatayo. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira ku Magomero, napha William Jervis Livingstone, kapitawo wamkulu wa minda ya A. L. Bruce, pamodzi ndi Azungu ena awiri. Ena anapita ku Mandala ku Blantyre kukafuna mfuti. Pa 26 Januwale mishoni ya Nguludi inatenthedwa. Popeza asilikali ambiri anali kumpoto, Boma linasonkhanitsa amene anatsala ku Zomba, ambiri a iwo ongolembedwa kumene, pamodzi ndi Azungu odzipereka ndi apolisi. Iwowa analanda Mbombwe, nagwetsa tchalitchi cha njerwa ndi mabomba, nasakasaka othawa. Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale kufupi ndi malire a Apwitikizi. Anthu oposa 30 ananyongedwa kapena kuwomberedwa ataweruzidwa, ndipo ena pafupifupi 300 anamangidwa. Kachitsulo ka "Nyasaland 1915" ndi mphotho ya ntchito imeneyo.

Monga malembo, kachitsulo kameneka ndi kochenjera kopambana tonse. Sikatchula Chilembwe, sikatchula Mbombwe, sikatchula thangata kapena msonkho. Katchula dziko ndi chaka, m'zilembo zofanana ndi za Gambia ndi Somaliland, ngati kuti Mbombwe ndi dziko lina lachilendo kumene ankhondo a Mfumu anapita kukakhazikitsa bata. Kwa mkulu wachizungu wochokera ku Scotland zinalidi choncho. Koma kwa msilikali wobadwira m'mapiri a Shire, ulendo umene mendulo iutcha utumiki wa mu Africa unali wa tsiku limodzi kapena awiri kuchokera pakhomo pa amake, ndipo anthu amene ankawasaka m'tchire ankalankhula chinenero chake. Kufupikitsa kumene kuyamikidwa pa malembo ena kwasanduka pano chophimba. Munthu wodziwa Chingerezi chokha awerenga mawu awiri napitirira. Munthu wodziwa njira ya ku Mbombwe awerenga mawu omwewo naima.

Apa ndi pamene mphunzitsi akhoza kulakwa, ndipo njira zolakwira zilipo ziwiri. Wina, posazindikira kachitsuloko, adzanyamula mendulo pamaso pa kalasi nati mwini wake anali ngwazi yoteteza dziko, sabata lomwelo ataphunzitsa kuti ngwazi ya dziko ndi Chilembwe, amene nkhope yake ili pa ndalama ya K500 ndi ya K2,000, ndi amene akumbukiridwa pa 15 Januwale chaka ndi chaka. Ana ena adzazindikira kusagwirizanako pambuyo pake, nadzaleka kukhulupirira phunzirolo. Wina, atazindikira, adzachititsa manyazi mwana wa zaka khumi pa chinthu chimene agogo a agogo ake anachita, ndipo mendulo imeneyo sidzatulukanso m'chitini, kapena idzagulitsidwa kwa woyenda ndi malonda woyamba kufika pamudzi. Kulakwa kwachiwiriku ndiko koopsa, chifukwa kuwononga mwana ndi umboni pamodzi.

Akale anati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Chimene chinatsitsa dzaye m'Chiradzulu chidziwika. Malo ambiri achonde anali m'manja mwa eni minda achizungu. Wokhala pa malowo ankalipira ndi thangata, kugwira ntchito miyezi yambiri popanda malipiro oyenera. Msonkho wa nyumba unkafunidwa chaka ndi chaka. Ndipo Alomwe obwera kumene analibe mfumu yamphamvu yowalankhulira. Mnyamata wofuna kuthawa zimenezi anali ndi makomo owerengeka. Lina linali la Chilembwe, kumene kunali sukulu, zovala zaudongo ndi ulemu. Lina linali la ku Zomba, kumene kunali malipiro a mwezi ndi mwezi, chakudya, yunifomu, kupumula ku msonkho, ndiponso ulemu wa mtundu wina. Thangata limodzi lomwelo linatumiza wina ku Mbombwe ndi wina ku kampu, ndipo mu Januwale 1915 awiriwo anakumana, wina ali ndi mkondo, wina ali ndi mfuti ya Mfumu. Kunena izi sikuyeretsa chimene chinachitika, koma kubwezera pa mendulo mawu amene wolemba wake anawachotsa.

Mabuku othandiza kuwerenga tizitsulo timeneti ayenera kuyesedwa ndi muyeso womwewo. Buku lalikulu la Hubert Moyse-Bartlett, The King's African Rifles, la 1956, ndi losasowa kwa wofuna kudziwa kuti gulu lakuti linali kuti pa mwezi wakuti. Atapeza nambala ya gulu m'mphepete mwa mendulo, akhoza kulondola mapazi a mwini wake mtsinje ndi mtsinje. Koma bukulo linalembedwa ndi mkulu wa asilikali, kuchokera m'zolemba za akulu a asilikali, ndipo lili ndi matenda a mendulo yomwe: Azungu afa ndi maina awo, anthu akuda afa kawirikawiri ndi chiwerengero. Independent African, la George Shepperson ndi Thomas Price, la 1958, liima mbali inayo. Shepperson anatumikira ndi asilikali a ku Nyasaland ku Burma, naphunzira Chinyanja kwa iwo, ndipo mwina ndicho chifukwa chake anatha kulemba za Chilembwe mwaulemu pa nthawi imene Boma linkamuyesabe chigawenga. Magomero, la Landeg White, la 1987, lisonyeza thangata monga analionera anthu a pamudzi. Loyenera kuyamikidwa koposa pa nkhani ya mamendulo ndi The Chiwaya War, la Melvin Page, la 2000, chifukwa maziko ake ndi mawu a asilikali ndi amtengatenga okalamba amene anafunsidwa m'zaka zoyamba za m'ma 1970, pamene anali akali moyo. Page anachita chimene mendulo sinachite, ndiko kufunsa wolembedwayo. Chodandaulitsa ndi chakuti mawu amene ananenedwa m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka afika kwa wowerenga atavala Chingerezi, ndipo mdzukulu wa wonenayo sangawamve m'kamvekedwe kake. Za mabuku a ogula ndi kusonkhanitsa mamendulo palibe zambiri zonena: alondola bwino maonekedwe ndi zaka, koma ayesa kachitsulo ka 1915 ndi kusowa kwake pa msika.

Anthu a kumudzi nawonso anawerenga zizindikiro za usilikali, m'njira yawoyawo, ndipo kuwerenga kwawo kuli m'chinenero ndi m'magule. Liwu lakuti msilikali linadza kudzera m'Chiswahili, monganso nyota, limene kumeneko litanthauza nyenyezi koma kuno lasanduka udindo, kotero kuti munthu akwezedwa nyota ngakhale pa phewa pake palibe nyenyezi. Gule wa Beni, amene Ayao a m'boma lino ndi a kunyanja avina, anatenga dzina lake ku bandi ya asilikali, ndipo anafala ndi obwera kunkhondo ya Chiwaya, monga anafalira Malipenga kwa Atonga ndi Mganda kwa Achewa. Terence Ranger analemba mbiri yake mu 1975. M'bwalo la Beni munthu wakuda ankakhala kaputeni, kenanso mfumu, maudindo amene ku kampu sakadawalota, navala pachifuwa mamendulo obwereka kapena osula ku chitini. Wosonkhanitsa mamendulo adzati abodza. Woweruza malembo adzaona kuti ndi yankho, lolembedwa m'zilembo za mwini funso. Komabe mphunzitsi asiyanitse ziwirizi pamaso pa ana, pakuti mendulo yopezeka m'nyumba ya wovina siitsimikiza kuti m'nyumbamo munali msilikali.

Gulu la 1 K.A.R. linasanduka Malawi Rifles mu 1964, ndipo la 2 K.A.R. linapita ku Zambia chitaganya chitatha. Amene anavala lipenga ndi chisoti chachifumu akutha chaka ndi chaka, ndipo a nkhondo ya Chiwaya anatha kale onse. Otsala ndi nkhalamba zimene zinamva nkhani pa miyendo ya eni ake. Mphunzitsi wolandira mendulo m'kalasi asaikweche ndi mchenga kapena phulusa, chifukwa zilembo za m'mphepete n'zosaya ndipo zifafanizika msanga. Asailekanitse ndi inzake, ndipo aibweze kwa eni tsiku lomwelo. Aike pepala pamwamba pake nakhwekhwereze pensulo kuti chithunzi chitsale. M'kope la sukulu agawe tsamba pawiri. Kumanzere alembe chilichonse chimene chitsulo chinena, chilembo ndi chilembo, ndi mitundu ya nsalu ngati yatsalako. Kumanja alembe chimene agogo a mwanayo anena, m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chilomwe monga chatulukira m'kamwa, osakonza ngakhale pamene chitsutsana ndi kumanzere: dzina limene mwini mendulo ankaitanidwa nalo pamudzi, dzina limene ankaitcha nkhondoyo, chimene anabwera nacho, ndi chimene ankakana kusimba. Ndipo tsamba lotsatira alisiyire mwana amene kwawo kulibe chitini, amene agogo ake anasenza katundu kupita kumpoto osabwerera, kapena anali m'tchalitchi cha ku Mbombwe Lamulungu la pa 24 Januwale 1915.